Kugula ndi kudya ku Delhi: Chihindi chake chimayambira pa *se*

Funso: Ndikuperekeza mayi anga kuchipatala ku Delhi, ndipo madokotala akuti tikakhalako miyezi itatu. Tikachita lendi chipinda kufupi ndi chipatalacho, ndiye kugula ndi kuphika zonse zikakhala pamutu panga. Chingerezi ndimalankhula, koma amene anapitako akuti pamsika sichithandiza kwenikweni. Ndiphunzire mawu ati a Chihindi? Makamaka ndikufuna kudziwa kunena kuti "ichi chadula kuposa icho" kapena "ndipatseni chotchipirapo", ndiponso kupempha chakudya chosachuluka tsabola.

Yankho: Pepani ndi matendawo, achemwali. Amene anakuuzaniwo sananame. M'chipatala madokotala akakulankhulani Chingerezi, koma mukangotuluka pageti, wogulitsa masamba pangolo, woyendetsa kagalimoto ka matayala atatu ndi mnyamata woperekera tiyi onse amayendera Chihindi. Mwayi wanu ndi woti mukupita kumpoto. Pa kalembera wa 2011, anthu pafupifupi 44 mwa 100 alionse a ku India anati Chihindi ndicho chilankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo ambiri mwa iwo ali kumpotoko. Mukanati mukupita ku Chennai, mzinda wa kum'mwera, ndikanakuuzani zina, poti kumeneko ndi kwa Chitamil. Musadalirenso kwambiri timawu timene munatola m'masitolo a amwenye ku Limbe. Mabanja ambiri a kumeneko makolo awo anachokera ku Gujarat, ndipo Chigujarati ndi chilankhulo china, ngakhale kuti pali chibale.

Chihindi chili ndi zilembo zake zotchedwa Devanagari, koma pano ndilemba ndi zilembo zathuzi. Pomwe ndabwereza chilembo, monga *aa*, *ii*, *uu*, mukoke mawu. Pomwe ndaika T, D kapena R wamkulu, koyambirira kapena pakati pa mawu a Chihindi, mupinde nsonga ya lilime kuti igunde kumwamba m'kamwa. Zina zonse muwerenge monga muwerengera Chichewa, ndipo apa tili pabwino kuposa azungu: kusiyana kwa *k* ndi *kh*, *p* ndi *ph*, *t* ndi *th* kumene iwo amavutika nako, ife tinayamwira. *Ch* wa Chihindi ndi yemwe uja wa "chala", pomwe *chh* ndi *tch* wa "tchire".

Tiyambe ndi "kuposa", chifukwa kugula konse kwagona pamenepo. Ntchito imene ife timapatsa mneni "kuposa", Chihindi chimapatsa kamawu kakang'ono, *se*. Kameneka kamabwera pambuyo pa chinthu chimene chikuposedwacho, osati patsogolo. Ife timati "tiyi ndi wotchipa kuposa khofi". Iwo amasanja chonchi: tiyi, khofi, *se*, wotchipa, ali. *Chaay coffee se sastii hai.* Mawu oti "wotchipa" sasintha mawonekedwe chifukwa choti mukuyerekeza, ndipo simufunika kuwonjezera china chilichonse. Mukangozolowera kuti mneni amatsekera chiganizo ndipo *se* amatsatira mwini wake, mwamaliza theka la ntchito.

Koma pamsika simudzatchula kawirikawiri zinthu ziwiri ndi mayina awo. Chinthu chimodzi chidzakhala chili kale m'manja mwanu, wogulitsa atakupatsani. Ndiye mawu ofunika kuposa onse m'yankho lino ndi *isse*, kutanthauza "kuposa ichi", ndi mnzake *usse*, "kuposa icho". Zinthu zikakhala zambiri amakhala *inse* ndi *unse*. Mumangoika *isse*, kenako khalidwe limene mukufuna, kenako *dikhaaiye*, "ndionetseni", kapena *diijiye*, "ndipatseni". *Isse sastaa dikhaaiye*, ndionetseni chotchipirapo. *Isse baRaa diijiye*, ndipatseni chokulirapo. *Isse chhoTaa*, chocheperapo. *Isse achchhaa*, chabwinopo. *Isse taazaa*, chatsopanoko, chosafota. *Isse pakaa*, chakupsako. Ine ndimauza aliyense wopita kumeneko kuti aloweze zimenezi kaye asanayambe kuloweza mayina a zinthu. Dzina la chinthu mukaliiwala, chala chimaloza. Chimene chala sichinganene ndi choti mukufuna chotere koma chosiyanako, ndipo ndi chimene *isse* amanena.

Palinso ubwino wina. Wogulitsa wa ku Delhi samva msanga mawu oti "ayi". Mukakana, iye amayamba kukufotokozerani ubwino wa chomwecho. Mukati *isse sastaa*, mwamupatsa ntchito, ayenera kuwerama n'kutulutsa china.

"Kuposa zonse" ndiye n'kosavuta, chifukwa maganizidwe ake ndi athu omwe. *Sab* ndi "onse" kapena "zonse", ndiye *sabse* ndi "kuposa zonse". *Sabse sastaa kaun saa hai?* Chotchipa kuposa zonse ndi chiti? *Sabse achchhaa chaaval dikhaaiye*, ndionetseni mpunga wabwino kuposa wonse. Funso lachiwirili mulifunse mosamala, poti kwa wamalonda chabwino kuposa zonse chimakonda kukhala chodula kuposa zonse. Mukagwira zinthu ziwiri mutha kufunsa kuti *donon men kaun saa achchhaa hai*, pa ziwirizi chabwino ndi chiti. Mudzamvanso *behtar*, mawu amene paokha amatanthauza "chabwinopo".

Mwina mwaona kuti pa tiyi ndinalemba *sastii* koma penapo *sastaa*. Mayina onse a Chihindi ali m'magulu awiri, amuna ndi akazi, ngakhale zinthu zopanda moyo. Tiyi ndi wamkazi, mkaka ndi wamwamuna. Mawu ofotokoza amene amathera ndi *-aa* amasintha motsatira gululo: *-aa* kwa chachimuna chimodzi, *-e* kwa zachimuna zambiri, *-ii* kwa zachikazi. Amatsatira chinthu chimene mukuchikamba, osati chimene chili ndi *se*. Mwachitsanzo, *duudh chaay se mahangaa hai*, mkaka ndi wodula kuposa tiyi. *Kele seb se saste hain*, nthochi n'zotchipa kuposa maapozi. *Yah dukaan us dukaan se sastii hai*, sitolo iyi ndi yotchipa kuposa iyo. Munthu amene amasiyanitsa "chabwino", "labwino", "yabwino" ndi "zabwino" osaganizira n'komwe asachite mantha ndi magulu awiri okha. Ndipo kunena zoona, m'miyezi itatu musadzipweteke nazo mutu. Mukanena *-aa* pena paliponse adzakumvani, mwina adzangomwetulira. *Yah* ndi *vah*, "ichi" ndi "icho", pakamwa zimamveka *ye* ndi *vo*, ndipo *mahangaa* amamveka ngati *mehengaa*.

Kamawu kena kopulumutsa ndi *vaalaa*. Mukakaika pambuyo pa khalidwe, kamalowa m'malo mwa dzina limene simukulidziwa. *BaRaa vaalaa*, chachikulucho. *Sastaa vaalaa*, chotchipacho. *Laal vaalaa*, chofiiracho. *Vo vaalaa*, icho uko. *Pahle vaalaa isse achchhaa thaa*, choyamba chija chinali bwino kuposa ichi.

Za kuchuluka pali *zyaadaa*, "zambiri" kapena "zochulukitsa", ndi *kam*, "zochepa". *Bahut* ndi "kwambiri". Chinthu chikadula mumati *bahut mahangaa hai*, kapena mongodabwa, *itnaa mahangaa?* Mukafuna kunena kuti sichikufika pa chinzake, *yah utnaa achchhaa nahiin hai*. Mawu omwewa akakugwirani ntchito kuwodi, namwino akabwera m'mawa. *Pahle* ndi "kale" kapena "poyamba", ndiye *dard pahle se kam hai* ndi "ululu wachepa kuposa kale", *pahle se zyaadaa* ndi "wawonjezeka", *pahle se behtar hain* ndi "akupezako bwino". Ndasankha dala *pahle* m'malo mwa *kal*, chifukwa *kal* amatanthauza dzulo ndi mawa lomwe, ndiponso *se* ali ndi ntchito zina. Amatanthauza "kuchokera", monga mu *main Malawi se huun*, ndine wochokera ku Malawi, komanso "kuyambira". *Kal se* angakhale "kuposa dzulo", "kuyambira dzulo" kapena "kuyambira mawa". Pa nkhani ya mankhwala chisokonezo chotere sichifunika, ndipo pamenepo bwererani ku Chingerezi.

Tsopano pamsika penipeni. Mwamuna wogulitsa mumutchule *bhaiyaa*, achimwene. Mkazi *diidii*, achemwali. Wachikulire ndi *ankal jii* kapena *aanTii jii*, ndipo *jii* ameneyu ndi waulemu ngati "a-" wathu. Pa "inu" nenani *aap* kwa aliyense. Mudzamva anthu akuuza ogulitsa kuti *tum*, "iwe", kapena *do*, "patse", koma zimenezo ndi za eni mudzi. Mlendo amayenda ndi *-iye*: *diijiye*, *liijiye*, tengani, *kiijiye*, chitani. Kufunsa mtengo ndi *kitne kaa hai?* Pa masamba ndi zipatso anthu a ku Delhi amakonda kuti *TamaaTar kaise diye?*, ngati kunena kuti "matimati mukuchita bwanji". Chimene mukufuna mumachitsatiza ndi *chaahiye*: *ek kilo pyaaz chaahiye*, ndikufuna kilo imodzi ya anyezi. *Nahiin chaahiye*, sindikufuna. Ponenerera mumati *thoRaa kam kiijiye*, tsitsaniko pang'ono, kapena *sahii daam lagaaiye*, ikani mtengo weniweni. Zikakanika, *rahne diijiye*, zisiyeni, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono. Ngati mtengo wanu unali wotheka, adzakuitanani.

Koma si paliponse ponenerera. Katundu wa m'mapaketi amakhala ndi mtengo wodindidwa pambali pa zilembo MRP, ndipo lamulo sililola kugulitsa mopitirira pamenepo. M'golosale ya m'dera, imene amaitcha *kiraanaa*, ingotembenuzani paketi muwerenge nokha. M'timasitolo ta Safal ta kampani ya Mother Dairy masamba ali ndi mtengo woikika, ndipo ndi malo abwino odziwira mitengo ya tsikulo musanapite kwa apangolo. Kunenerera kwenikweni kuli m'misika ya zovala monga Sarojini Nagar, Janpath ndi Lajpat Nagar, komwe mlendo amayambira pa mtengo wokwera. Amalonda ambiri amalemekeza malonda oyamba a tsiku, *bohnii*, ndipo safuna kuti kasitomala woyamba achoke chimanjamanja, ndiye kulawirira kumathandiza. Banyira aliko nakonso: mukagula masamba ochulukirapo, ndi mwambo kupempha kuti *thoRaa dhaniyaa-mirch Daal diijiye*, aponyeremo timasamba tonunkhira ta *dhaniyaa* ndi tsabola wamuwisi pang'ono.

Manambala ndiye phiri. Kuyambira 1 mpaka 100 pafupifupi nambala iliyonse ili ndi dzina lakelake lofunika kuloweza, ndipo sindikukulangizani kutero. Ogulitsa ambiri amamva manambala a Chingerezi, ndiye vuto si kunena koma kumva. Lowezani *ek, do, tiin, chaar, paanch, chhe, saat, aaTh, nau, das*, 1 mpaka 10, kenako *biis* 20, *tiis* 30, *chaaliis* 40, *pachaas* 50, *saaTh* 60, *sattar* 70, *assii* 80, *nabbe* 90, *sau* 100, *hazaar* 1,000. Tcherani khutu pa *pachchiis*, 25, ndi *pachaas*, 50, ndiponso pa *saat*, 7, ndi *saaTh*, 60. Mukakayika, mupatseni foni n'kunena *likh diijiye*, lembani.

Amene amagwetsa alendo kwenikweni ndi mawu a matheka, chifukwa m'Chingerezi kapena m'Chichewa mulibe zofanana nawo ndipo ku Delhi ali pakamwa pa aliyense. *DeRh* ndi chimodzi ndi theka, *Dhaaii* ndi ziwiri ndi theka. Ndiye *DeRh sau* ndi 150, *Dhaaii sau* ndi 250. Kuyambira pa zitatu amagwiritsa ntchito *saaRhe*: *saaRhe tiin sau* ndi 350. *Savaa* amawonjezera kota, *savaa sau* ndi 125. *Paune* amachotsa kota, choncho *paune do sau* ndi 175, ngakhale khutu lanu lamva "do sau" n'kuganiza 200. Mawu omwewa amagwira pa nthawi ndi pa makilo. Amagwiranso pa ndalama zikuluzikulu, ndipo inu muli ndi mabilu a chipatala: *laakh* ndi 100,000, *DeRh laakh* ndi 150,000, ndipo iwo amalemba 1,50,000, mpumiro uli pamalo pomwe sitinazolowere. Pasikelo, *aadhaa kilo* ndi theka la kilo, *paav* ndi magalamu 250. Zinthu zodula amakonda kutchula mtengo wa *paav*, inu n'kumayesa ndi wa kilo. Funsani: *kilo kaa yaa paav kaa?* Nthochi zimagulitsidwa pa *darjan*, khumi ndi ziwiri.

Ndiwo zambiri za kumeneko mukuzidziwa kale, mayina okha ndiwo achilendo. Therere lobala ndi *bhinDii*, mpiru ndi *sarson*, bonongwe ndi *chaulaaii*, dzungu ndi *kadduu*, mabilinganya ndi *baingan*, kabichi ndi *pattaa gobhii*, mbatatesi ndi *aaluu*, mbatata ndi *shakarkand*. Nyemba ndi *raajmaa*, khobwe ndi *lobiyaa*, mphodza ndi *muung*, mtedza ndi *muungphalii*. Nandolo ndi *arhar* kapena *tuur*, ndipo wosenda ndi kuswa ndiye *daal* imene mabanja ambiri amadya tsiku ndi tsiku. Mu 2021 India ndi Malawi anagwirizana kuti matani 50,000 a nandolo wathu azilowa kumeneko chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Mchere ndi *namak*, shuga *chiinii*, mafuta *tel*, dzira *anDaa*, nsomba *machhlii*. Za nsima, funsani *makkii kaa aaTaa*. Kawirikawiri ndi ufa wa chimanga chachikasu, ndipo umapezeka kwambiri m'nyengo yozizira, cha m'ma December ndi January, pomwe anthu a kumpotoko amaotcha zitumbuwa zake zophwatalala n'kumadyera mpiru. Ukasowa, ambiri ochokera ku Africa amaphikira *suujii*, ufa wa tirigu wa misere.

Pa *aaluu* ndichenjeze. Ife *l* ndi *r* timangowasinthanitsa, koma Chihindi chimawasiyanitsa. *Aaluu* ndi mbatatesi, *aaRuu* ndi pichesi. Pewaninso chizolowezi chathu chotsekera mawu alionse ndi lembo la liwu: ndi *das*, osati "dasi", *daal*, osati "dali". *Kam* mumudule mwachidule, chifukwa mukamukoka akhala *kaam*, ntchito.

Kumalo odyera nkhani yaikulu ndi tsabola, *mirch*. Kuwawa kwa tsabola ndi *tiikhaa*, kutentha kwa moto ndi *garam*. *Masaalaa* ndi zonunkhiritsa zonse pamodzi, si tsabola yekha, choncho mukati *masaalaa kam* mungachotsetse fungo lokoma tsabola n'kutsala. Nenani *mirch kam Daaliye*, thirani tsabola wochepa, kapena *kam tiikhaa banaaiye*. Chidziwikire, "wochepa" wa wophika wa ku Delhi kwa ambiri a ife amakhala woliza ndithu. Cha mayi nenani motsindika, *mirch bilkul nahiin*, tsabola ngakhale pang'ono ayi. Ndipo m'malesitilanti ambiri msuzi amakhala ataphikiratu m'mawa, tsabola ali kale momwemo, ndiye woperekera angavomere ndi mutu koma palibe chimene angachotse. Funso lanzeru ndi loyerekeza lija: *sabse kam tiikhaa kyaa hai?* Chosawawa kuposa zonse ndi chiyani? Chikabwera chowawabe, *isse kam tiikhaa kuchh hai?* Pali china chosawawako kuposa ichi?

Mawu ena othandiza wodwala ndi *saadaa*, chopanda zothirathira. *Saadaa chaaval* ndi mpunga woyera, *saadii daal* ndi nandolo kapena mphodza zosakometsera. *KhichRii* ndi mpunga wophikidwa pamodzi ndi mphodza mpaka kufewa, chakudya chimene eni ake amapatsa odwala. Phala la tirigu wosweka ndi *daliyaa*, *dahii* ndi chambiko, ndipo chimaziziritsa m'kamwa tsabola akakupezani. Zonsezi muyambe mwafunsa adokotala, poti matenda ena amaletsa zina. *Binaa* ndi "popanda": *binaa namak*, *binaa tel*. Tiyi wa m'mbali mwa msewu amawiritsira limodzi ndi mkaka ndi shuga wambiri, choncho ngati mayi ali ndi matenda a shuga muyenera kuneneratu, *binaa chiinii kii chaay*, kapena mwachidule *phiikii chaay*. *MiiThaa* ndi chotsekemera, *khaTTaa* chowawasa. Madzi pemphani *botal kaa paanii*, muonetsetse kuti chitsekerero n'chosatsegula.

Malo ambiri odyera saphika nyama konse, ndipo amalemba pakhomo kuti *veg*. Kwa iwo dzira nalo lili m'gulu la nyama. Pamapaketi, kadontho kobiriwira m'kabokosi kamasonyeza kuti mulibe nyama, pomwe chizindikiro chofiirira chimasonyeza kuti ilimo. Nkhuku amangoti *chikan*, ndipo *maTan* kumeneko ndi mbuzi. Nyama ya ng'ombe musaifunse. Kwa Ahindu ng'ombe ndi yopatulika, ndipo ku Delhi lamulo la 1994 limaletsa kuipha. Imene imagulitsidwa m'madera ena ndi ya njati zoweta. Lachiwiri Ahindu ambiri sadya nyama, ndiye musadabwe mutapeza mabutchala ena atatseka.

Ngati simukudziwa chosankha, itanitsani *thaalii*: mbale yaikulu yokhala ndi mpunga, *roTii* (chapati), *daal*, ndiwo zamasamba ndi chambiko, pa mtengo umodzi. M'malo otchipa otchedwa *Dhaabaa* mutha kupempha theka la mbale, *haaf pleT*. *Aur* amatanthauza "ndi" komanso "zina": *ek roTii aur*, chapati china chimodzi, *thoRaa aur*, onjezani pang'ono. Woimitsa ndi *bas*, basi yemweyu. Mukaitanidwa pakhomo pa munthu adzakukakamizani ndi *aur liijiye*, tengani zina, ndipo yankho laulemu ndi *bas, peT bhar gayaa*, ndakhuta. Kudya ndi dzanja lamanja monga kwathu, koma kudyera mbale imodzi kapena kumwera kapu imodzi ambiri sachita. Chakudya chimene chakhudza pakamwa pa wina amachitcha *juuThaa*, ndipo n'chifukwa chake mudzaona anthu akumwa madzi a m'botolo mothira kuchokera m'mwamba, milomo osagunda.

Pomaliza kudya mumati *bil diijiye*, ndipo zotsala *paik kar diijiye*, akukulungireni mupite nazo kwa mayi. Eni dziko ambiri amalipira pa foni kudzera mu UPI, njira imene inayamba mu 2016, ndipo ngakhale wogulitsa nthochi amakhala ndi kachikwangwani kake kojambula ndi foni. Njirayi kawirikawiri imayendera akaunti ya kubanki ya ku India, choncho inu mudzadalira kwambiri ndalama zapamanja, pomwe ogulitsa ambiri anasiya kusunga tchenji. Mukatulutsa 500 rupee pa zinthu za 40 mudzamva *chhuTTaa nahiin hai*, tchenji palibe. Muziswa ndalama zikuluzikulu kusitolo ya mankhwala kapena m'masitolo akuluakulu, muzisunga za 10, 20, 50 ndi 100 m'kachikwama kapadera, ndipo musanayambe kusankha matimati mufunsiretu: *bhaiyaa, paanch sau kaa chhuTTaa hai?*